Kodi Botolo la Engine Flush Lingachiritse Injini Yakale?

Wowerenga wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Wagula Toyota Sienta yochokera ku Japan yomwe yayenda makilomita 140,000. Makaniko atatsegula chivindikiro cha oyilo anapeza zakuda zomata mkati, ndipo wamuuza kuti agule engine flush, komanso botolo lina lothira mu thanki lotsukira ma injector, tizipangizo topopera petulo mu injini. Akufunsa ngati agule onse awiri.

Achimwene, la mu thankilo gulani ngati ndalama ilipo. La flush lisiyeni kaye, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Engine flush, kaya ya Liqui Moly, Wynn's kapena STP, imathiridwa mu oyilo wakale musanamukhetse. Injini imalira galimoto ili chiimire kwa mphindi 10 kapena 15, kenako mumakhetsa zonse n'kuika oyilo ndi fyuluta zatsopano. Ntchito yake ndi kusungunula phala lakuda lomwe limaundana oyilo akakhalitsa. Pa injini yosamalidwa bwino, phalalo ndi lochepa, ndiye mankhwalawo alibe choti atsuke. Oyilo wamakono amabwera kale ndi zotsukira zake, n'chifukwa chake mabuku ambiri a opanga magalimoto amati musawonjezere kanthu mu oyilo.

Vuto lili pa injini ngati yanuyo, yomwe simukudziwa momwe mwini wake woyamba ankaisamalirira. Phala likakhala lambiri, mankhwala salisungunula lonse. Lina limamatuka zibenthuzibenthu n'kugwera mu sampu, beseni la pansi pa injini momwe oyilo amakhala. Mkati mwa sampumo, chapansi, muli kasefa ka waya komwe pampu imakokera oyilo. Zibenthu zikatseka kasefako, oyilo safika bwino ku mabelingi ndi ku camshaft, getsi lofiira la oyilo limayaka pa dashibodi, ndipo mukapitiriza kuyenda injini imayamba kugogoda. Zili ngati kukolopa ngalande yodzadza zinyalala mvula ikugwa: zonse zimakatsekera pa kalavati. Ma Sienta ambiri ali ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5 yokhala ndi VVT-i, makina osintha nthawi yomwe mavalavu amatseguka, ndipo VVT-i imadalira oyilo wodutsa m'tinjira ting'onoting'ono komanso kasefa kake kakang'ono. Tinjira timeneti sitichedwa kutsekeka.

Palinso nkhani ya ma seal, timphira totseka mipata kuti oyilo asatuluke. Akakalamba amauma, ndipo nthawi zina phala lomwelo ndi lomwe limatseka ming'alu. Mukalichotsa mwadzidzidzi mumayamba kuona madontho a oyilo pomwe mwaimika galimoto. Si mankhwala omwe aononga seal, inali itatha kale, koma bilu ya kugaraja ndi yanu basi.

Ndiye muchite chiyani? Uzani makaniko amasule tapeti kava, chophimba chachikulu cha pamwamba pa injini, muone ndi maso anu. Zakuda za pa chivindikiro cha oyilo chokha sizinena zambiri. Ngati mkatimo ndi mofiirira chabe, palibe chodetsa nkhawa. Ngati phala lili lochindikala, amasule sampu, atsuke pamanja pamodzi ndi kasefa kaja. Kenako ikani oyilo wabwino wa mlingo womwe buku la galimotoyo likunena, nthawi zambiri 5W-30 kapena 0W-20, pafupifupi malita 3.7 mukasintha ndi fyuluta. Musinthe msanga, pa makilomita 1,500 kapena 2,000, maulendo awiri kapena atatu, fyuluta yatsopano ulendo uliwonse. Oyiloyo amatsuka pang'onopang'ono popanda kugwetsa zibenthu. Zikatero bwererani pa makilomita 5,000, omwe ine ndimaona kuti ndi oyenera fumbi la kwathu kuno ndi kuimaima kwa m'tauni.

Ndipo wina asakunamizeni kuti muthire dizilo kapena palafini mu injini kuti itsukike. Ndikudziwa amakaniko ena amachita, ndipo amalumbira kuti zimayenda. Koma mafuta amenewa amachepetsa kulimba kwa oyilo, mabelingi amakhulana chitsulo ndi chitsulo, ndipo ena amatsalira mkati n'kusakanikirana ndi oyilo watsopano uja mwagula modula.

Botolo la mu thanki ndi nkhani ina. Silikhudza oyilo ayi, limayenda ndi petulo n'kumachotsa mwaye pa ma injector. Yang'anani lolembedwa kuti muli PEA, chifukwa ndi mankhwala odziwika bwino pa ntchito imeneyi, ndipo mutsate mlingo wa pa botolopo. Likhoza kuthandiza ngati injini ikunjenjemera ikamalira chiimire. Koma ngati munathirako petulo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta, kumbukirani kuti botololi silichotsa mchenga kapena dzimbiri. Zimenezo zimafuna kuona fyuluta ya petulo, yomwe pa magalimoto ambiri otere ili m'kati mwa thanki pamodzi ndi pampu. Galimoto ikamadya mafuta kwambiri, yambani mwaona mapulagi ndi fyuluta ya mpweya musanathamangire ku shopu.

Mukamasula tapeti kava ija, jambulani chithunzi munditumizire tione limodzi.