Buku lakomadi, kapena akoma ndi mawu a wowerenga?

Achemwali, funso lanu ndaliona dzulo usiku koma foni inali pafupi kuzima, ndiye ndayankha lero. Mwati mnzanu wa ku Chikanda anakutumizirani buku lomvetsera, limene ena amati audiobook, nkulitamanda kwambiri, koma inu mukangoliyatsa tulo, mpaka katatu konse. Ndiye mukufunsa ngati vuto ndi bukulo, wowerengayo, kapena makutu anu. Enanso pansipa ayamba kale kukangana zoti kumvetsera si kuwerenga. Zimenezo ndizikhudza pang'ono chabe, chifukwa funso lanu lenileni ndi loyambalo.

Ine ndimakhala ku Three Miles, ntchito ndimagwira ku Limbe, choncho masiku ambiri ndimakhala m'minibasi maola atatu kupita ndi kubwera. Mmenemo ndi momwe ndinaphunzirira kumvetsera mabuku. Chimene ndinachizindikira mochedwa nchoti mu buku lomvetsera muli ntchito za anthu awiri, mlembi ndi wowerenga, ndipo khutu limawaphatikiza nkukhala ngati munthu mmodzi. Mukafuna kuweruza bwino, muwalekanitse dala.

Ndinapusitsidwapo. Linali buku la Chingerezi la maola khumi ndi anayi, wowerenga wake bambo wa mawu okuya, osalala ngati uchi. Sabata yonse ndinkangomva kukoma, podutsa pa Namadzi osadziwa nkomwe kuti tadutsa. Loweruka akazi anga akusankha mpunga pakhonde anandifunsa kuti, "Kodi nkhani imene yakutsekani makutu sabata yonseyi ikuti chiyani?" Ndinatsegula pakamwa. Ndinati pali mwamuna wina amene wabwerera kwawo. Iwo anati, "Ndiye?" Ine zii. Ndinayesa kukumbukira chimene mwamunayo ankafuna, chimene chinkamuletsa, chimene chinasintha pakati pa mutu woyamba ndi wa makumi awiri, koma m'mutu munali mbee. Akazi anga anangoseka nkupitiriza kutola timiyala mu lichero. Sabata yonse ija ndinkamvetsera mawu a munthu ngati mmene timamverera mvula padenga la malata.

Kuchokera tsiku limenelo, muyeso wanga wa nkhani ndi womwewo. Ndikamaliza mitu itatu kapena inayi ndimazimitsa, nkuyesa kufotokozera munthu m'Chichewa changa chomwechi. Mwininkhani ndi ndani, akufuna chiyani, wamuimirira panjira ndi ndani? Ngati womvera wanga afunsa yekha kuti "kenako zinatha bwanji?", nkhaniyo ili ndi msana. Nkhani yabwino imapirira ngakhale aifotokoze munthu wosadziwa kukamba ngati ine. Yopanda pake ikangovulidwa mawu okoma aja imatsala mbulanda.

Zosiyana nazo zinandichitikiranso. Ndinatsitsa buku lakale pa LibriVox, kumene anthu ongodzipereka akhala akuwerenga mabuku akale kwaulere kuyambira mu 2005. Kumeneko buku limodzi nthawi zina amaligawana anthu angapo, mutu uwu wina, mutu winawo wina, ndiye mawu amasinthasintha. Mutu wina anawerenga mayi wachikulire, mawu onjenjemera, mpweya ukumveka pa maikolofoni, patali galu akuuwa. Komatu nkhaniyo inandigwira pakhosi. Ndinadutsa siteji yanga osaona, kondakitala anachita kundigwedeza tili mu depoti, ndinabwerera pa kabaza. Apo mlembi ndi amene anamunyamula wowerenga.

Tsono za wowerenga. Apa ndi pamene ndimakhala nthawi, chifukwa ambiri timaganiza kuti wowerenga wabwino ndi wa mawu okoma. Ayi ndithu. Amene tinakulira kumudzi tikudziwa kuti agogo amene ankatisonkhanitsa pamoto sanali ndi mawu a pa wailesi. Mano anali atatha, fodya wa pamphuno pafupi, koma akangoti "padangokhala" ife "tili tonse", palibe ankagwedezeka. Luso lawo linali kudziwa poima. Kalulu akafika pachitsime agogo ankakhala duu, nkusonkhezera moto, kutisiya mitima ili m'mwamba. Wowerenga buku ndimamuyesa pomwepo. Kodi amadziwa kukhala chete? Mwana akamwalira m'nkhani, kodi amathamangira chiganizo chotsatira ngati akuwerenga zidziwitso za maliro asanathe nthawi yake, kapena amakupatsani kamphindi koti mumeze?

China ndi cha ampangankhani. Ine ndimamvetsera kwambiri ndikuchapa, manja ali mu beseni, sindingabweze kumbuyo. Anthu atatu akamakangana m'nkhani ndiyenera kudziwa amene akuyankhula popanda kudikira kuti "anatero Uje". Wowerenga waluso sachita kusintha mawu kwambiri. Amangosintha kamayendedwe: uyu amayankhula mwachangu, uyu amakoka mawu, uyu amameza mathero. Amene amandinyansa ndi bambo amene akafika pa mawu a mzimayi amafinya kukhosi nkutulutsa kamawu ngati ka mwanapiye, mzimayi aliyense m'bukumo, kaya ndi namwali kaya ndi gogo, kumveka chitsiru. Mlembi analemba mayi wolimba mtima, wowerenga nkumusandutsa choseketsa. Mukadana naye mayiyo, mlandu si wa mlembi.

Palinso amene amalira m'malo mwanu. Chiganizo chikangokhala chachisoni iye wayamba kale kunjenjemeretsa mawu, kusisima. Zili ngati munthu amene amafika pamaliro nkulira kuposa anamfedwa. Masewero a pa MBC anatizoloweretsa kuti aliyense ali ndi mtengambali wake, zitseko zikumenyetsedwa, nkhuku zikulira, ndipo kumeneko nzoyenera chifukwa ndi sewero. Buku lowerenga munthu mmodzi ndi chinthu china. Iye ndi wokamba nthano, asamachite kuvina.

Pa Chichewa pali vuto lathulathu. Chiyankhulo chathu chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu, koma polemba sitisonyeza. Mtengo wa mango ndi mtengo wa sopo timalemba chimodzimodzi. Khungu la pathupi ndi khungu la maso chimodzimodzinso. Wowerenga amene sanayambe waiwerenga nkhaniyo payekha asanajambule amagwidwa pamenepa: amayamba chiganizo ndi mtengo wa kumsika, pofika kumapeto nkuzindikira kuti unali wa m'nkhalango. Nchifukwa chake mawu opangidwa ndi kompyuta amene ayamba kumveka pa YouTube ndi pa TikTok akuwerenga nkhani za Chichewa sindimatha nawo mphindi zisanu. Zilembo zonse amatchula, koma nyimbo ya chiyankhulo palibe, ndipo akafika pa mawu ngati "psuu" kapena "ndii" amangowaponda ngati mawu wamba. Achingerezi nawonso ali ndi zawo. Ndinamvapo wina akuwerenga nkhani yochitikira kuno kwathu, Mulanje nkumati "Mulanji", nsima nkumati "ensima", ng'ombe osayesa nkomwe. Nthawi iliyonse akatero ndinkatuluka m'nkhanimo. Kufunsa Mmalawi mmodzi yekha kukanamuthandiza.

Tsopano za tulo tanu. Musanaweruze aliyense, onani nthawi imene mukumvetsera. Ngati ndi pabedi magetsi atazima, mutatopa ndi ntchito, ngakhale buku labwino bwanji likugonetsani. Yesani mukuyenda wapansi, mwina kukwera msewu wa ku Chawe mmawa wa Loweruka, kapena mukusita. Chachiwiri, onani liwiro. Owerenga a Chingerezi ambiri amatchula mawu pafupifupi 150 pa mphindi, ndipo mapulogalamu ambiri a pafoni amalola kuonjezera kapena kuchepetsa. Wowerenga wokoka mawu ndimamuika pa liwiro la 1.25, amadzuka. Wa katchulidwe kachilendo, monga a ku Scotland kapena Ireland, ndimamutsitsa pang'ono mpaka khutu lizolowere. Kupitirira 1.5 ine sindifika pa nkhani zopeka, chifukwa timipata ta chete tija ndi toyamba kufa. Zonsezi zikakanika, pezani buku lomwelo lolembedwa, muwerenge masamba khumi ndi maso. Likakukokani, vuto linali wowerenga. Likakugonetsanso, muuzeni mnzanuyo mosapsatira mawu kuti buku lake silinakugwireni, ubwenzi sutha ndi zimenezo.

Kwa abale amene mukuti kumvetsera ndi ulesi: mabuku amenewa sanayambire alesi. Anayamba m'zaka za m'ma 1930 ku America ndi ku Britain pofuna kuthandiza anthu osaona, ena mwa iwo asilikali amene anachita khungu pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo ankajambulidwa pa mbale za galamafoni. Malonda akulu anabwera pambuyo, monga kampani ya Audible imene inayamba mu 1995 nkugulidwa ndi Amazon mu 2008. Ndivomereze chimodzi: kumvetsera sikungakuphunzitseni kalembedwe ka mawu, ndiye mwana wa Fomu 4 amene akukonzekera mayeso asasiye buku la mapepala. Koma kutsatira nkhani, kukonda kapena kudana ndi mpangankhani, kumva mtima kugunda pofika pampondachimera, zonsezo khutu limakwanitsa.

Za bandulo, popeza wina wafunsa. Fayilo ya 64 kbps (muyeso wa kulemera kwa fayilo ya mawu) imadya pafupifupi 29 MB pa ola, ndiye buku la maola khumi silifika 300 MB. Kwa mawu a munthu mmodzi zimenezo nzokwanira, 128 kbps ndi kungotaya ndalama. Tsitsani kamodzi, sungani pa memore khadi, muzimvetsera intaneti itazima. Chimene sindichita ndi kumwaza pa WhatsApp buku la mlembi wa kuno amene ali moyo, wina atangolijambula payekha osapempha. Alembi athu amapeza kale zochepa.

Achemwali, tandiuzeni kuti bukulo ndi la maola angati ndipo tulo timakupezani pa mutu wachingati. Ngati ndi mutu woyamba nthawi zonse, ndikukayikira wowerengayo. Ngati mumafika wachinayi kapena wachisanu nkuyamba kuiwala mayina a anthu, ndikukayikira mlembi. Loweruka ndidzakhala ku msika waukulu cha m'ma 10 koloko kugula matemba a ku Chilwa, ndipo memore khadi yanga ili ndi mabuku akale aulere okwana ndithu, kuphatikizapo lija la mayi wa galu wouwa.