Tsamba la Proxmox silikutseguka: musafulumire kuikanso pulogalamu

Kalata ya sabata ino yachokera ku Kasungu, kwa bambo wina amene amayang'anira makompyuta pa ofesi ina yaing'ono. Akuti tsiku lina kunagwa mvula ya ziphaliwali, magetsi anathima, ndipo router yawo inapsa. Anagula ina ya 4G, intaneti inabwerera, koma kuyambira pamenepo tsamba loyendetsera seva yawo ya Proxmox VE (pulogalamu yoyendetsa makompyuta ongoyerekeza angapo mkati mwa seva imodzi) silikutseguka, ngakhale seva ikuyaka bwinobwino. Funso lawo ndi lakuti: kodi angoikanso Proxmox kuchokera pa flash?

Ayi bambo, chonde musatero. Pulogalamu yoikira Proxmox imafufuta zonse pa disiki imene mwaisankha, ndipo ngati ma VM anu (makompyuta ongoyerekeza aja) ali pomwepo, apitira limodzi. Tsamba lija ndi khomo chabe. Ma VM amene munawatchera kuti aziyaka okha n'kutheka kuti akugwira ntchito pano tikunena pano.

Yambani ndi adiresi imene mukulemba. Iyenera kuyamba ndi https, osati http, ndipo ithere ndi :8006, mwachitsanzo https://192.168.1.50:8006. Chenjezo la certificate likabwera musadabwe, seva imadzisainira yokha.

Koma ife tikukayikira router yatsopanoyo. Proxmox imapatsidwa adiresi yokhazikika tsiku loiika, siipempha kwa router. Ngati yakale inkagawa 192.168.1.x pamene yatsopano ikugawa 192.168.8.x, monga amachitira ma router ambiri a Huawei, ndiye kuti seva yatsala yokha pa netiweki yakale, laputopu yanu ili kwina. Lumikizani monita ndi kiyibodi pa seva, lowani ngati root (akaunti yaikulu yoyang'anira seva), mulembe lamulo la ip -br a. Mzere wa vmbr0, mlatho wolumikiza seva ndi ma VM ku netiweki, ndiwo ukuuzeni adiresi yeniyeni. Adiresi yolembedwa pamwamba pa sikirini musanalowe musaidalire kwambiri, imachokera mu /etc/hosts ndipo ikhoza kukhala yakale. Yerekezani adiresi ya vmbr0 ndi imene lamulo la ipconfig likuonetsa pa laputopu ya Windows.

Nambala zitatu zoyambirira zikasiyana, njira imene timakonda ndi kusintha router, osati seva. Lowani mu router, mbali ya LAN, muipatse adiresi imene inali ndi yakale ija, imene ip route pa seva ikuonetseni pa mzere wa default. Mukatero, ma VM ndi ma printer onse a adiresi yokhazikika abwerera nthawi imodzi. Router ikakana, sinthani seva: nano /etc/network/interfaces, mukonze address ndi gateway pansi pa vmbr0, posankha nambala imene router siigawa kwa mafoni. Adiresi yomweyo muilembenso mu /etc/hosts, mukonze nameserver mu /etc/resolv.conf, kenako ifreload -a. Apa pa /etc/hosts ndi pamene ambiri amaiwala, ndipo tibwererapo.

Chiphaliwali chimene chinapha router chimathanso kudutsa mu chingwe n'kuwotcha polowera netiweki pa seva. Lamulo la ip link likaonetsa NO-CARRIER, yesani chingwe china ndi bowo lina la switch. Likapitirira, mufunika khadi ina ya netiweki. Chenjerani apa: kuwonjezera khadi ya PCIe nthawi zina kumasintha maina, enp2s0 n'kukhala enp3s0. Mzere wa bridge-ports ukamatchulabe dzina lakale, vmbr0 imakhala ndi adiresi koma yopanda njira yotulukira. Lembanipo dzina limene ip link ikuonetsa tsopano.

Nanga ngati ping (lamulo loyesa ngati seva ikufikika pa netiweki) ikuyankha koma tsamba ayi? Pa seva pomwepo lembani curl -k https://127.0.0.1:8006. Pakatuluka malemba a HTML, seva ili bwino, chikutchinga ndi china panjira. Kawirikawiri ndi firewall, mlonda wa netiweki, imene munailola ma adiresi akale okha. Iimitseni kaye ndi pve-firewall stop, mulowe, mukonze malamulowo, muiyatsenso ndi pve-firewall start. Musaisiye chozima.

Curl ikakanidwa, onani systemctl status pve-cluster pvedaemon pveproxy. Tsamba limaperekedwa ndi pveproxy, nchifukwa chake anthu amangoiyambitsanso kambirimbiri osaphula kanthu. Muzu umakhala pansi pake. Pveproxy imadalira certificate yake, imene imakhala mu /etc/pve, ndipo /etc/pve si foda wamba. Imapangidwa ndi pve-cluster kuchokera mu fayilo ya /var/lib/pve-cluster/config.db, ngakhale seva ikhale imodzi yokha. Mukalemba ls /etc/pve n'kupeza mulibe kanthu, mtima usagunde, zinthu zanu sizinafufutike, pve-cluster ndiyo sinadzuke. Musakoperemo mafayilo pamanja, chifukwa fodayo ikakhala ndi kanthu pve-cluster imakana kudzuka. Chofunika ndi kukopera config.db pa flash musanagwire china chilichonse, kenako muwerenge journalctl -b -u pve-cluster.

Zifukwa zimene zimabwera kawirikawiri ndi ziwiri. Choyamba ndi /etc/hosts ija: dzina limene lamulo la hostname likutulutsa liyenera kukhala pa mzere umodzi ndi adiresi yeniyeni ya seva, osati 127.0.0.1 kapena 127.0.1.1. Chachiwiri ndi disiki kudzaza. Lembani df -h / ndipo mukaona 100%, suzumirani mu /var/lib/vz/dump, mmene ma backup amaunjikana ngati simunaike malire. Samutsirani akale pa disiki yakunja, muwonjezere apt clean ndi journalctl --vacuum-size=200M. Mukatero, systemctl restart pve-cluster pvedaemon pveproxy. Ikadandaulabe za certificate, pvecm updatecerts --force imapanga yatsopano, ndiye muyambitsenso pveproxy.

Simunatiuze ngati seva zanu zili ziwiri zolumikizidwa mu cluster. Ngati ndi choncho ndipo inzake ndi yozima, yotsalayo imasowa quorum (mavoti okwanira a seva za mu cluster), /etc/pve siilola kulembamo, ndipo kulowa kapena kuyatsa VM kumakanika. Lamulo la pvecm expected 1 limamasula, koma mulilembe pokhapokha mwaona ndi maso kuti inayo ndi yozimadi.

Tsamba likatseguka koma password ikukanidwa, onani kabokosi ka Realm pa tsamba lolowera: root amalowera pa Linux PAM standard authentication. Onaninso nthawi ya seva ndi lamulo la date. Makompyuta akale amene kabatire kawo ka CR2032 kanatha amasokoneza nthawi magetsi akathima, ndipo nambala za TOTP za pa foni (nambala zolowera zosintha ndi nthawi) sizigwirizana ndi seva ya wotchi yolakwika. Netiweki ikakonzeka pulogalamu ya chrony imakonza nthawi, koma kabatireko sinthani ndithu.

Pamene mukukonza zonsezi, a mu ofesi asadikire. Bola /etc/pve ili ndi zinthu zake, qm list ikuonetsani ma VM onse ndi nambala zawo, qm start 100 iyatsa ya nambala 100, ndipo ma container (abale opepuka a ma VM) amayendera pct list ndi pct start chimodzimodzi.