Kwa achemwali amene afunsa za Mulungu ndi namondwe

Achemwali, mwafunsa kuti ngati Mulungu ndi wachikondi, analola bwanji kuti ana osalakwa akwiririke m'matope ku Chilobwe nthawi ya namondwe wa Freddy. Musachite nalo manyazi funsoli, ambirife timadzifunsa usiku, kungoti kutchalitchi sitilitulutsa. Chandiwawa ndi mayankho a ena pano oti chinali chilango cha machimo. Pepani abale, pamenepo ayi.

Yesu mwini wake anakumana nayo nkhani yotere. Pa Luka 13, nsanja ya ku Siloamu inagwera anthu 18 n'kuwapha, ndipo Iye anafunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anadziyankha yekha kuti iyayi. Ndiye ife ndife yani kuti tiziweruza anthu akufa? Freddy akanakhala kuti ankasankha ochimwa, bwenzi atayambira kuno ku Lilongwe, kumene akuba ndalama za mankhwala amagona tulo tabwino m'nyumba za mipanda.

Tisanakwere kumwamba kukazenga mlandu, tiyambe tayang'ana pansi pano. Freddy anayambira kutali, kufupi ndi Australia, n'kuyenda masabata pafupifupi asanu asanatipeze mu Malichi 2023. A zanyengo anachenjeza. Koma munthu wa maganyu ungamuuze kuti samuka, asamukire kuti? Amene anamanga m'mphepete mwa phiri la Soche sanapitireko mphepo yabwino, kumeneko ndiye kunali malo otchipa. Mitengo yogwira dothi inatha kale. Kunonso mu 2017 Lingadzi atasefukira, amene analira ndi a ku Mtandire, a nyumba za zidina. Taimani m'mawa pa msewu wa ku Likuni muwerenge njinga za makala zochokera ku Dzalanyama. Ine ndemwe ndimagula makalawo, magetsi akathima ndiphikira chiyani? Mvula imagwa kwa tonse, koma nyumba imene imayamba kugwa ndi ya wosauka, ndipo zimenezo si Mulungu anazikonza.

Komabe ndikanama ndikati zathera pamenepo. Ku Phalombe mu 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi, akuluakulu n'kumati Napolo wadutsa. Mwana wa miyezi itatu sanadule mtengo, sanabe ndalama za boma. Apa ndi pamene ndimathamangira kwa Yobu. Munthuyu ana ake khumi anafa tsiku limodzi, mphepo itagwetsa nyumba imene ankadyeramo. Anafunsa, anadandaula, mpaka kutemberera tsiku limene anabadwa. Mulungu atabwera kudzalankhula naye sanamuuze chifukwa chake. Koma taonani amene anadzudzulidwa pamapeto: anzake atatu aja, amene anali ndi mayankho okonzakonza oti Yobu walakwa penapake. Anzakewo anachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba okha, pamene anangokhala naye pansi osatsegula pakamwa.

Zimenezi ndinaziona ndi maso kwathu ku Area 25. Mayi wina woyandikana nafe mng'ono wake anapita ndi matope pamodzi ndi ana awiri, matupi osapezeka. Tinakhala maliro opanda bokosi. Azibambo panja akuwotha moto, azimayi m'nyumba pa mphasa, mipando itatulutsidwa. Kunabwera bambo wina wa tayi, Baibulo kukhwapa, n'kuyamba kuti zonse zimachitika ndi cholinga, tisalire ngati anthu opanda chiyembekezo. Mayi uja anangotembenukira kukhoma. Kenako kunalowa agogo ena ogulitsa tomato pamsika, atanyamula kambale ka ufa kokutira ndi nsalu. Sananene vesi. Anakhala pansi, n'kumukoka mayiyo kumugoneka pamiyendo pawo ngati khanda, n'kuyamba kulira nawo. Patapita nthawi anamumwetsa phala ndi supuni, kanali koyamba kudya chichokereni uthenga uja. Ine ngati Mulungu ndinamuona tsiku limenelo, ndinamuonera pa chitenje chonyowa cha agogowo, osati pa tayi paja.

N'chifukwa chake vesi imene ndimaigwiritsitsa ndi yaifupi ija ya pa Yohane 11, yoti Yesu analira. Ankadziwa kuti Lazaro amuukitsa posachedwa, koma sanauze Mariya kuti pukuta misozi. Ndiponso pamtanda Iye mwini anafuula kufunsa Atate chifukwa chimene amusiyira. Ndiye inu mukafunsa simukuchimwa, achemwali, musalole munthu akutsekeni pakamwa.

Mwalemba kuti chichitikireni zimenezi simupitanso kutchalitchi. Sindikukakamizani. Koma ngati munataya wanu kumeneko ndipo mulibe wolira naye, ndilembereni ku inbox. Loweruka masana ndimakhala pakhomo, tiyi sasowa.