Funsani Amalume: Bismarck yafika m'bokosi kuchokera ku Joni

*Amalume, achimwene anga amene amagwira ntchito ku Joni anditumizira bokosi la sitima yankhondo yapulasitiki yomanga wekha. Pamwamba palembedwa Bismarck, 1/350. Nditatsegula mutu unaima. Tizidutswa ndi tambirimbiri, tina tochepa kuposa chikhadabo, ndipo kabuku ka malangizo kadzaza zithunzi ndi manambala. Ndili ndi supaguluu komanso penti yotsala pamene tinkapenta zitseko. Ndiyambire pati? — Mnyamata wa ku Mpondasi*

Mphwanga, supaguluu ndi penti ya zitsekoyo uziike kaye patali. Achimwene akowo akutumizira chinthu chamtengo, ndipo sitima imeneyi siitha ndi tsiku limodzi kapena sabata imodzi. Masitima ambiri amene ndawaona atawonongeka m'manja mwa anyamata anawonongeka ndi phuma, zida zili pompo.

Uyambe wamvetsa nambala ija. 1/350 ikutanthauza kuti sentimita imodzi pa sitima yakoyo ndi mamita atatu ndi theka pa sitima yeniyeni. Bismarck inali yotalika mamita 251, choncho yakoyo ikatha idzakhala pafupifupi masentimita 72. Munthu woimirira pamenepo akanakhala wamtali ngati njere ya mpunga. Ukasunga zimenezi m'mutu, udzaona wekha kuti kadontho kamodzi ka guluu kosefukira ndi chinthu chachikulu kuposa msilikali, ndipo penti yokhuthala ikhoza kukwirira chitseko chonse ndi mawindo ake. Pali masitima ena a 1/700, amene Bismarck yake imangokwana masentimita 36, koma tizidutswa take ndi tovuta kugwira. Sikelo imene wapatsidwayi ndi yabwino kwa maso ndi zala.

Tsiku loyamba usamate kanthu. Tenga mafelemu onse amene tizidutswa tagwirirapo, uwaviike m'beseni la madzi ofunda pang'ono okhala ndi sopo wotsukira mbale, uwatsukuluze, uwayanike pamthunzi. Pulasitiki imachoka ku fakitale ili ndi timafuta timene timakana penti. Ali kuuma, khala pansi ndi kabuku kaja, ukawerenge kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, pensulo ili m'manja. Felemu iliyonse ili ndi chilembo chake, kachidutswa kalikonse kali ndi nambala yake. Usachotse kachidutswa pa felemu nthawi yake isanakwane, chifukwa kakachoka nambala imatsala pa felemupo, ndipo tambiri timafanana ngati sunatiyang'anitsitse.

Pochotsa usapotokole ndi zala. Dula ndi chowengera zikhadabo, usiye kachitsa kakang'ono, kenako kachitsako ukapale ndi lezala watsopano n'kusalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri. Ntchitoyi uziigwirira m'kati mwa chivundikiro cha katoni kapena pa thireyi, chifukwa kamzinga kakang'ono kakadumpha n'kugwera pa mkeka, kapita. Ine ndimayala kansalu koyera pamiyendo ndikamadula tating'onoting'ono.

Tsopano za guluu, pamene pagona nkhani. Pulasitiki ya masitimawa imatchedwa polystyrene, ndipo guluu wake weniweni amasungunula pang'ono mbali ziwiri zimene zakumana kuti ziumire pamodzi n'kukhala chinthu chimodzi. Auze achimwenewo kuti munthu wina akamabwera kumudzi amupatsire kabotolo ka Tamiya Extra Thin kapena Revell Contacta. Kabotolo kamodzi kamakwanira sitima yonse n'kutsalako. Woyambayo ndi wamadzimadzi: umagwirizanitsa zidutswa ziwiri zili zouma, kenako umakhudza pamzere ndi kaburashi, guluuyo amayenda yekha m'mng'alumo. Chala chako chisakhale pafupi ndi mzerewo, chifukwa guluu amalowa pansi pa chala n'kudinda chidindo chako pa thupi la sitima mpaka kalekale.

Supaguluu amagwira msanga osakupatsa mpata wowongola, komanso amasiya nkhungu yoyera m'mbali. Ngati palibiretu pothawira, dontheza kadontho pa chitsekerero cha botolo, uzitapa ndi nsonga ya chotokosera m'mano. Kuchokera m'chubu kupita pa sitima, ayi. Ndipo kachidutswa kalikonse uziyamba wakayesa kaye popanda guluu, uone ngati kakukhala bwino. Pamene thupi la sitima ndi denga lake loyendapo anthu zikuuma, zimange ndi malabala kapena tepi ya pepala, uzisiye usiku wonse. Mapegi oyanikira zovala amathandiza pa zidutswa zafulati.

Penti ya zitseko ndi yolemera, ndipo thina kapena petulo amene anthu amasungunulira amadya pulasitiki imeneyi. Funa penti ya acrylic, yosungunula ndi madzi. Ngakhale ya ojambula zithunzi imene imapezeka m'masitolo a zolembera imagwira ntchito ngati watsuka bwino pulasitiki. Mitundu yofunika ndi yochepa: yoyera ndi yakuda zopangira imvi, yofiira yoderako ya kunsi kwa sitima kumene kumakhala m'madzi, ndi yachikasu chotuwa ya matabwa a pamwamba. Pakati pa imvi ndi kufiira pamadutsa mzere wakuda, umenewo uujambule mothandizidwa ndi tepi. Imvi usakanize yambiri nthawi imodzi m'kabotolo kotseka bwino, chifukwa kusakaniza kawiri n'kufanana ndendende n'kovuta. Uisungunule mpaka izioneka yopyapyala, upake kamodzi ngakhale pulasitiki ikuonekera, udikire iume, upakenso, mwina mpaka kachitatu. Penti iliyonse yachilendo, makamaka yopopera ya m'chitini, uyambe waiyesa pa felemu yotsala.

Upente thupi ndi matabwa usanaikepo nyumba za pamwamba, chumuni ndi milongoti. Zimenezo uzimange padera, uzipente padera, uziike pomaliza. Mizinga ikuluikulu ilipo 8, yokhala iwiriiwiri m'tinyumba tinayi tozungulira, tiwiri kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Eni ake ankatitchula Anton, Bruno, Caesar ndi Dora, kuyambira kutsogolo. Samala kuti mizinga iwiri ya m'kanyumba kamodzi iloze mofanana, chifukwa diso la munthu limathamangira pamenepo.

Kabukuko sikanena za nyengo ya kuno kwathu, ndiye mvera ine. Kukatentha mu Okutobala ndi Novembala penti imauma ili pa burashi, choncho uzipenta m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Mwera ukamawomba fumbi limalowa paliponse, ndiye ukangomaliza kupaka vundikira sitimayo ndi katoni yoyera. M'dzinja, timapepala ta mbendera ndi zizindikiro, timene umaviika m'madzi kuti timatike, utisunge m'jumbo yomanga, chinyezi chisatiyambe. Ndipo usaisiye pa windo kapena pafupi ndi malata masana.

Zingwe za pa milongoti zisakudetse nkhawa. Dula kamtengo kowongoka ka felemu, ukazunguze pamwamba pa kandulo, osati m'lawi, mpaka kafewe n'kuyamba kugwa pakati. Kachotse pamotopo, ukoke mbali zonse ziwiri mosathamanga. Kamatuluka ulusi wopyapyala kuposa wosokera, wowongoka bwino, ndipo umamatika ndi guluu yemwe uja. Poyamba udzadukaduka, koma mafelemu otsala uli nawo ambiri.

*Amalume, mwana wanga wa Sitandade 7 anaona sitima yotereyi kwa mnzake, ndiye tsopano nkhani yake ndi ya mizinga ndi nkhondo basi. Akufuna ndimugulire. Mtima wanga sukukondwa kuti mwana azisewera ndi zinthu zophera anthu. Kodi ndikulakwa? — Mayi wa ku Namwera*

Mayi, simukulakwa, ndipo nkhawa yanuyo ndikuilemekeza. Masitima amenewa anapangidwira kupha, palibe chobisa. Koma ine ndaona kuti mwana amene wakhala miyezi akumanga sitima imodzi amayamba kufunsa mafunso amene sakanafunsa: munkakhala anthu angati, ankagona pati, anathera kuti? Pamenepo m'pamene wamkulu ayenera kukhala pafupi ndi yankho loona.

Yankho lake ndi lolemera. Pa 24 Meyi 1941 Bismarck, ya Germany wa Hitler, inamiza sitima ya Angelezi yotchedwa HMS Hood. Munali amuna 1,418, anapulumuka atatu okha. Patangopita masiku atatu, pa 27 Meyi, Bismarck nayo inamira, chiwongolero chake chitaphwanyidwa ndi bomba la ndege, ndipo anthu oposa 2,000 anafera momwemo, ambiri ali anyamata. Mwana amene wamata yekha timaboti topulumukira pa sitimayo akamva zimenezi, nkhondo saionanso ngati masewera.

Musanatulutse ndalama, tsikani naye kuno ku boma la Mangochi tsiku lina. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pa nsanja ya wotchi ija, pali mzinga weniweni wa mtundu wa Hotchkiss wochokera pa sitima ya Guendolen, imene inalumikizidwa kuno komwe tawuni ino ikadali Fort Johnston. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapita ku Sphinxhaven, kumene lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, n'kukawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda poikonza. Zimanenedwa kuti kaputeni wa Ajeremani, amene anali mnzake wa Rhoades, anabwera pa boti atakwiya kudzafunsa chimene chachitika, asakudziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Ana amaseka akamva pamenepo, koma muwapitirizire nkhaniyo: mwezi wotsatira kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo m'zaka zotsatira makolo athu ambirimbiri anatengedwa kukanyamula katundu wa asilikali, amtengatenga aja, ambiri osabwerako. M'busa John Chilembwe analemba kalata chaka chomwecho yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo imene si yawo. Pamalo omwewo pali chikumbutso cha anthu 145 amene anamira pa sitima ya Vipya mu 1946, yomwe sinali yankhondo n'komwe. Mukachoka apo mulowe mu Lake Malawi Museum, ndi pafupi pomwepo, akaone mmene poyendetsera Guendolen panalili.

Akabwerako ali ndi chidwi chomwecho, mugulireni, koma yaing'ono ya zidutswa zochepa, monga zija za 1/1200 kapena sitima yaing'ono ya 1/700. Lezala azigwiritsa ntchito inu muli pompo, guluu azimatira pakhonde kapena mawindo ali otsegula chifukwa fungo lake si labwino m'chifuwa, ndipo tizidutswa tikhale kutali ndi ang'ono ake okwawa. Phindu lina mudzaliona pa masamu. Tizigawo timene amavutika nato m'kalasi timalowa msanga akamawerengera kutalika kwa sitima yake.

*Amalume, denga la sitima yanga lapindika nditaliiwala pa windo. Kodi latha ntchito? — Wowerenga wa ku Malindi*

Ngati langokhota osakwinyika, likhoza kuwongoka. Liviikeni m'madzi otentha koma osawira kwa kamphindi, mulitulutse, muliwongole ndi manja pang'onopang'ono, kenako mulipanikize pa thebulo losalala ndi mabuku olemera mpaka lizizire. Mukhoza kubwereza. Pa moto kapena pa mbaula musaliyandikize. Likakhala kuti latsala pang'ono kuwongoka, thupi la sitima lidzalikoka lokha mukalimata n'kumanga ndi malabala.

*Amalume, ndimaphunzitsa ku pulayimale ndipo ndikufuna ana amange sitima ya pa nyanja yathu ino. Kodi bokosi la Ilala kapena Guendolen ndingalipeze kuti? — Mphunzitsi wa ku Monkey Bay*

Aphunzitsi, funso lanu landikondweretsa kuposa onse a mwezi uno. Makampani ngati Tamiya ya ku Japan, Airfix ya ku England ndi Revell amapanga masitima otchuka a mayiko akuluakulu, monga Yamato, Hood ndi Missouri. Zathuzi tiyenera kudzipangira tokha, ndipo inu muli ndi mwayi umene omanga a kunja alibe, chifukwa Ilala imakocheza pakhomo panu.

Ilala inapangidwa ku Scotland ndi kampani ya Yarrow, inabwera zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay konko, ndipo yakhala pa nyanjayi kuyambira 1951. Ndi yotalika pafupifupi mamita 52. Sankhani sikelo ya 1/100 kuti masamu aphweke: mita imodzi ikhale sentimita imodzi, sitima yonse masentimita 52. Pitani ndi ana tsiku limene ili padoko, mutapempha chilolezo, aijambule m'makope kuchokera m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo, awerenge mawindo, aone pamene pakhala chumuni ndi maboti ake. Maboti a asilikali a pamadzi amene ali kufupi ndi kumeneko musawajambule popanda eni ake kuvomera.

Thupi mulisemere pa thabwa lofewa la paini kapena malaina, pansi pakhale pafulati ngati kuti sitimayo ili kale m'madzi. Mukatero mwapewa ntchito yovuta kwambiri, yosema mimba ya sitima. Nyumba za pamwamba zipangidwe ndi katoni yolimba kapena pulasitiki yodula ku timakontena ta yogati. Yang'anani kunsi kwake: ngati pali nambala 6 kapena zilembo PS, ndi pulasitiki yomweyo ya m'mabokosi aja, ndipo imamatika ndi guluu yemweyo. Milongoti ndi masipoko a njinga, zotchingira m'mbali ndi waya wopyapyala wa m'chingwe chakutha chamagetsi. Ana amene amapanga kale magalimoto a mawaya muwapatse mbali imeneyo, manja awo anazolowera. Gawani ntchito m'magulu, koma rula ikhale imodzi ndipo muyeso uliwonse uzidutsa kwa inu asanadule. Ikatha, tumizani chithunzi ku magazini ino, ndipo mulembe kalasi imene yamanga.