Kodi mafuta akapezeka pansi pa munda wanga ku Chilwa, ndi anga?

Bambo wina wa kufupi ndi doko la Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, wandilembera kalata pa imelo. Akuti mwezi wathawu kunabwera anthu pa galimoto, anakumba timaenje m'dambo n'kutenga dothi m'timatumba, ndipo atafunsidwa anangoti anamvana kale ndi amfumu. M'mudzimo mwadzaza mphekesera, ena akuti kuli mafuta, ena akuti alendowo akufuna mchere. Bamboyo akufunsa ngati amfumu ali ndi mphamvu zololeza zimenezi, ngati chuma cha pansi pa munda wake chingakhale chake, komanso ngati amayi ake, omwe amatcheza mchere kuchokera ku dothi la m'dambo, akulakwira lamulo.

Bambo, ndiyambe ndi mawu amene mwina sakusangalatsani. Munda ndi wanu, koma zimene zili pansi pake si zanu, ndipo si za amfumu. Lamulo la za kufufuza ndi kukumba mafuta la 1983 limaika mafuta ndi gasi wa pansi panthaka m'manja mwa boma m'malo mwa anthu onse a dziko lino, ndipo lamulo la migodi la 2023 limachitanso chimodzimodzi ndi miyala ndi zina zokumbidwa. Amfumu amalandira alendo, amaitanitsa msonkhano, amachitira umboni za malire a minda, koma chiphaso chofufuzira sichichokera pabwalo pawo. Munthu akanena kuti anamvana ndi amfumu, wakuuzani kuti anapereka moni pofika, sanakuuzeni kuti ali ndi chilolezo. Chanu inu ndi chipukutamisozi ngati ntchito yawo yawononga mbewu, mitengo kapena nyumba, kapena ngati akusamutsani.

Nkhani ya mafuta ndiyofunika kuikhalira pansi, chifukwa dziko lino linapsa nayo kale. Boma linagawa dziko m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzamo mafuta. Mu 2011 kampani ya ku Britain ya Surestream inapatsidwa zigawo ziwiri za pa nyanja ya Malawi, ndipo posakhalitsa dziko la Tanzania linadzutsa mkangano wakale wa malire a nyanjayo, ife n'kumaloza pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890 lomwe linaika malirewo pa gombe la kum'mawa. Kenako mu May 2014, kutatsala masiku ochepa kuti anthu aponye voti, kunasainidwa mapangano ogawana mafuta ndi makampani ena, ndipo chaka chomwecho chisanathe boma latsopano linaimitsa ziphaso zonse kuti liunikenso momwe zinaperekedwera. Mafuta anali asanaoneke ngakhale dontho limodzi, koma mapepala anali atativuta kale. Mpaka lero Malawi sapopa mafuta akeake. Amene timaima nawo pamzere pa filing'i siteshoni amalowa kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo bungwe la MERA, lomwe anthu ambiri amalisokoneza ndi nkhani zokumba, ntchito yake pa nkhani ya mafuta ndi kuyang'anira mitengo ndi malonda a mafuta ofika kalewo.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti lamulo la 1983 linalembedwa nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu wa kumudzi sankayembekezeka kufunsa funso ngati lanuli. Mbali ya migodi yasinthako. Lamulo la 2023 linakhazikitsa bungwe loyang'anira migodi loima palokha, ndipo mgodi waukulu umayenera kupangana ndi anthu a m'deralo za chitukuko chomwe adzapindule nacho. Lamulo la chilengedwe la 2017 nalo limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pakhale kafukufuku wa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe loteteza chilengedwe la MEPA ndilo limavomereza. Ku Chilwa zimenezi si zongokwaniritsa mwambo. Nyanja yanu ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi Phalombe amathiramo, madzi n'kumatha ndi dzuwa basi. N'chifukwa chake madziwo amamveka mchere, n'chifukwa chakenso chilichonse chotayikiramo chimakhala momwemo pamodzi ndi matemba ndi mlamba. Dambo lonselo linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse lapansi, mu 1997.

Choncho alendo aja akadzabweranso, musakangane nawo, koma apempheni mwaulemu pamaso pa amfumu kuti aonetse chiphaso: dzina la kampani, nambala yake, malo amene chikukhudza ndi tsiku lomwe chidzathe. Lembani zimenezo m'kope. Kenako pitani nazo ku ofesi ya DC, ndipo mukafika m'tauni muno dziwani kuti likulu la Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala, lili ku Zomba konkuno. Kumeneko n'kumene kuli mapu a zimene ndege za Kauniuni, kafukufuku wa boma wa chuma cha pansi panthaka, zinajambula pouluka motsika pamwamba pa midzi yathu zaka zapitazo. Kutenga dothi m'timatumba sikutanthauza kuti mafuta apezeka. Ophunzira a ku yunivesite ndi alangizi a zaulimi amachitanso zomwezo, ndipo mafuta sadziwika ndi dothi la pamwamba, amafuna makina oyeza pansi kwambiri ndi chitsime chozama.

Za amayi anu, mtima ukhale m'malo. Mayi wokolopola dothi loyera la m'dambo m'chilimwe, n'kulithira madzi m'chitini chobowola pansi monga achitira ndi chidulo, n'kuwiritsa madziwo mpaka mchere utatsalira mu mphika, si amene malamulo a migodi ikuluikulu akumusaka. Nkhani imasintha mcherewo ukapita pamsika. Lamulo la dziko lino limafuna kuti mchere wogulitsa kuti anthu adye ukhale ndi ayodini, ndipo a Malawi Bureau of Standards ndiwo amayeza zimenezi, chifukwa kusowa kwa ayodini m'thupi kumayambitsa chithokomiro komanso kumabweza m'mbuyo nzeru za mwana ali m'mimba. Mchere wotcheza pakhomo suthiridwa ayodini. Ngati pakhomo panupo pali mayi woyembekezera kapena ana aang'ono, m'ndiwo zawo muzithira wa m'paketi wolembedwa kuti uli ndi ayodini, wa agogowo utsale wothira pa nsomba zoyanika.