Boti la faiba likadzaza madzi limayandama ndi chiyani?

Bambo wina wa ku Nkhotakota wandilembera imelo kuti wagula boti lakale la faiba, ndipo akufunsa zimene angaikemo kuti lisamire likadzaza madzi. Bambo, funso lanuli landifikitsa pa tsiku limene sindikonda kulikumbukira.

Malume anga anali ndi boti lotere ku Senga Bay, ndipo ankanena monyadira kuti silingamire chifukwa kunsi kwa popondapo kunali fomu, chinthu chopepuka chokhala ndi mpweya m'kati chimene chimayandamitsa boti. Tsiku lina mu Julayi, mwera utakula, funde linalowera kumbuyo kumene kuli injini, ndipo tisanayambe n'kukapa komwe, boti linaimirira m'madzi, mphuno yokha ili kunja. Anatitola ndi asodzi a pabwato wamba, omwe aja tinkawaderera. Titalikokera kumtunda n'kudula popondapo, tinapeza fomu ija itada, ikununkha petulo, ndipo poifinya inkatulutsa madzi ngati siponji. Zaka zonsezo malume ankayenda ndi katundu wa madzi, iwo n'kumati ndi chitetezo.

Kuyambira pamenepo sindikhulupirira fomu imene sindinaione ndi maso anga, ndipo zimandipweteka kuona eni maboti akuthera ndalama pa penti pamene za kunsiko sanaziyang'anepo. Faiba ndi yolemera kuposa madzi, choncho payokha imamira, pamene bwato la mtengo limatha kudzaza koma n'kumayandamabe.

Nanga muchite chiyani?

Yambani mwachotsa fomu yonse yonyowa. Lita imodzi ya mpweya wotsekeredwa imanyamula kilogalamu imodzi, ndipo faiba ikakhala m'madzi imatsala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Choncho boti la makilogalamu 300 lifunika malita 100 a fomu kapena mpweya wotsekeredwa, injini ya makilogalamu 70 muiwerengere malita 70, kenaka muonjezere ena a anthu amene adzagwirire m'mbali. Fomu yosamwa madzi ndiyo yabwino. Yoyera ija yotetezera katundu m'makatoni imasungunuka ndi petulo. Yosamwa madziyo ikasowa, zigubu za malita 20 zotseka bwino zimathandiza, bola muzimange zolimba kunsi kwa mipando ndi m'mbali chakumwamba, zambiri kumbuyo, chifukwa mukaziika pansi pokha boti lodzaza madzi limagadabuka. Mukatha, chotsani injini, mumangepo cholemera chofanana nayo, ndipo mulidzaze madzi pamalo osaya kuti muone mmene likhalire.