Ndinapita pa livi masabata atatu, palibe anandisowa

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amagwira ntchito pa kampani ina yaikulu, dzina sinditchula. Akuti anapita pa livi masabata atatu, foni osazimitsa usiku ndi usana kudikira kuti zinthu zikasokonekera awaimbira, koma foni ili ziii. Atabwerera bwana wawo anangowayang'ana nkufunsa kuti "mwasintha tsitsi eti?" Nde funso lawo ndi loti kodi ine pamenepa ndine wofunika, kapena nditati ndachoka lero mawa aikapo wina?

Achemwali, aikapo wina. Mwina osati mawa chifukwa a HR, oona za antchito, ndi mapepala awo aja amachedwa, koma aikapo ndithu kkkk.

Musakhumudwe, sikuti ntchito simuitha ayi, kampani yaikulu amaimanga dala chonchi. Walmart, kampani ya masitolo ya ku America, ili ndi antchito oposa 2 miliyoni, pomwe katswiri wina Robin Dunbar anati munthu amatha kusunga ubale weniweni ndi anthu pafupifupi 150 basi, nde mukuganiza kuti bwana wamkulu ali pamwamba uko angadziwe kuti desiki yapakona ija ili yokha? Kwa iye inu ndi nambala ya pa ID. Anzathu opanga mapulogalamu a kompyuta ali ndi mawu awo oti bus factor, kutanthauza kuti ndi anthu angati amene atagundidwa ndi basi ntchito yonse ingaime, ndipo yankho likakhala loti mmodzi mabwana sagona tulo. Nchifukwa chake amakukakamizani kulemba zonse musanapite pa livi, mafayilo ali pati, lipoti limapita kwa ndani, tsiku lanji. Inu munalemba bwino, zinthu zinayenda, pano mukudandaula kuti zinayenda.

Ndipo izi sizisankha. Steve Jobs anachoka ku Apple, kampani yopanga makompyuta ndi mafoni ija, mu 1985 atamulanda mphamvu pa kampani yoti anaiyambitsa nawo yekha, anadzabwereranso 1997. Ku Twitter mu 2022 Elon Musk atangogula anadula pafupifupi theka la antchito 7,500, kenako ena anawaitananso ati tinalakwitsa. Tangoganizani kukuchotsa Lachisanu, sabata isanathe akukuimbira kuti pepani tabwerani. Chaona mnzako chapita.

Ineyo pomwe ndinkagwira kale, tsiku lotsanzika bwana anayankhula mpaka mawu kunjenjemera, ati mpata umene ndasiya sudzatsekeka. Patatha masabata awiri ndinapitako kukatenga kalata yanga, ndinapeza mnyamata wina wakhala phee pa mpando wanga, kapepala ka dzina langa kadakali kumbuyo kwa mpandowo, akumwera kapu yanga yothyoka chogwirira ija. Anandifunsa mwaulemu kuti "tikuthandizeni bambo?" Ndinangoti ayi ndasochera.

Koma amene ndimamumvera chisoni mpaka lero ndi mkulu wina tinali naye, yekhayo amene ankadziwa sisitimu yakale ya malipiro. Ameneyo nde analidi wofunika. Livi sankapita, akati wapita foni imalira asanafike nkomwe pa geti, tsiku lina anamuimbira ali gone kuchipatala dripu ili pamkono kumufunsa pasiwedi, iye nkuyankha. Pa nkhani yokwezedwa dzina lake linkadumphidwa chaka ndi chaka chifukwa akamukweza mpando wakewo akhalapo ndani? Ife osafunikafe timangomudutsa. Mapeto ake kampani inagula sisitimu yatsopano, mkulu uja nkukhala ngati ife tonse, ndipo aka kanali koyamba kumuona akuseka pa mitingi.

Nde achemwali livi ikubwerayi foni muzimitse, palibe akuimbireni. Tsitsilonso mukasinthedi, bwana akadzafunsanso asachite manyazi.